Matjiesfontein

Matjiesfontein ndi tawuni yaing'ono ya m'mbali mwa njanji yomwe ili m'chigawo cha Western Cape m'dziko la South Africa. Ili m'dera louma lotchedwa Karoo, pansi pa khonsolo ya Laingsburg, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 240 kuchokera ku Cape Town potsata msewu waukulu wa N1. Pa kalembera wa mu 2011 munapezeka anthu 422, ambiri mwa iwo Makaladi olankhula Chiafrikaans. Tawuniyi inayamba ngati malo omwetsera madzi injini za sitima ndi kudyetsera apaulendo, ndipo imadziwika chifukwa nyumba zake za kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 zikadali chiimire mumzere umodzi moyang'anizana ndi siteshoni. Mu 1975 boma linalengeza kuti tawuni yonse ndi malo a mbiri ya dziko otetezedwa ndi lamulo.

Dzina ndi malo

Dzinali ndi la Chiafrikaans ndipo limamveka ngati "Maikisfontein". Tanthauzo lake ndi kasupe wa timphasa. Linachokera ku chomera cha m'madambo chofanana ndi mlulu chimene Akhoekhoe, eni dera akale amene ankaweta nkhosa ndi ng'ombe, ankalukira mphasa zofolerera nyumba zawo zozungulira. Nyumbazo ankatha kuziphwasula n'kuzinyamula posamukira kumene kunali msipu. Asani nawonso ankasaka nyama m'derali kalekale azungu asanafike ndi kuyamba kudula mafamu.

Tawuniyi ili pamalo okwera mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pamalekeza nyanja yamchere, ndipo kum'mwera kwake kuli mapiri a Witteberge. Mvula imagwa yochepa, mitengo ndi yosowa, ndipo pansi pamamera timatchire tatifupitifupi tomwe nkhosa zimadya. Nthawi yotentha dzuwa limaswa mtengo, pamene m'miyezi ya Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka madzi kuundana.

Kufika kwa njanji

Dayamondi atapezeka cha ku Kimberley kumapeto kwa zaka za m'ma 1860, boma la Cape linafuna njanji yolumikiza doko la Cape Town ndi migodiyo. Boma la nduna yaikulu John Molteno, lomwe linayamba kulamula mu 1872, linatenga njanji m'manja mwa kampani ndi kuyamba kuipititsa kumtunda. Vuto linali mapiri a Hex River, omwe amatchinga pakati pa dera la kugombe ndi Karoo. Kuti njanji ithe kukhotakhota m'mapirimo popanda kuwononga ndalama zambiri, anasankha kuika zitsulo zake motalikirana mamilimita 1,067 okha. Muyeso umenewu unafalikira kumpoto pamodzi ndi njanjiyo, ndipo ndi womwewo umene njanji za Zimbabwe, Zambia, Mozambique ndi Malawi zimagwiritsa ntchito mpaka lero.

Njanji inafika ku Worcester mu 1876, ku Touws River mu 1877, ndipo siteshoni ya Matjiesfontein inatsegulidwa mu 1878. Inapitirira mpaka ku Beaufort West mu 1880 ndi ku Kimberley mu 1885. Poyamba pamalopa panalibe tawuni iliyonse, koma kasiteshoni chabe pakati pa tchire. Zinthu ziwiri n'zimene zinkakakamiza sitima kuima. Choyamba, injini za malasha zimayenda ndi nthunzi, motero zimamwa madzi ambiri, ndipo m'Karoo madzi ndi osowa. Chachiwiri, sitima za nthawiyo zinalibe bogi yodyeramo. Munthu wochokera ku Cape Town ankafika pamenepa ali ndi njala, ndipo ankayenera kutsika, kudya mofulumira, n'kukweranso belu likalira. Golide atapezeka ku Witwatersrand mu 1886, anthu odutsa anachulukirachulukira, ndipo aliyense wa iwo anali ndi mimba yofuna chakudya.

James Logan

Amene anaona ndalama m'zimenezi anali James Douglas Logan, yemwe anabadwa mu 1857 ku Reston m'dziko la Scotland. Anayamba kugwira ntchito ya panjanji kwawo ali mnyamata. Mu 1877 anakwera sitima ya pamadzi yopita ku Australia, koma sitimayo inawonongeka ndi namondwe n'kukocheza pafupi ndi Cape Town, ndipo iye sanapitirize ulendo. Analembedwa ntchito yonyamula katundu pasiteshoni ya Cape Town, ndipo pasanapite zaka zambiri anali atakwezedwa mpaka kukhala woyang'anira chigawo cha njanji cha ku Touws River. Anakwatira Emma Haylett, anagula hotela ku Touws River, kenako anasiya ntchito ya boma kuti azichita bizinesi.

Mu 1884 Logan anapeza chilolezo choyendetsa chipinda chodyera pasiteshoni ya Matjiesfontein, ndipo chaka chimenechi ndi chomwe chimawerengedwa kuti tawuniyi inayamba. Anagula malo ambiri ozungulira siteshoni, natcha famu yake Tweedside pokumbukira mtsinje wa Tweed wa kwawo. Chinthu chanzeru kwambiri chimene anachita chinali kukumba pansi kufunafuna madzi. Atawapeza anawakokera kutawuni ndi mapaipi, n'kumagulitsa ena kwa a njanji, ena n'kumathirira minda ya zipatso, ndipo ena ankapangira zakumwa zoziziritsa kukhosi m'fakitale yake yaing'ono. Mwanjira imeneyi sitima imodzi ikaima inkamulipira kawiri: injini inkamwa madzi ake, apaulendo ankadya chakudya chake. Mwambo wotsegulira madzi a m'mipope unachitika mu 1889, ndipo alendo anabwera pa sitima kuchokera ku Cape Town.

Logan nayenso anali ndi vuto la m'chifuwa ndipo ankakhulupirira kuti mpweya wouma wa ku Karoo unamuthandiza. Madokotala a nthawiyo analibe mankhwala a chifuwa chachikulu, choncho ankalangiza odwala a ku Britain amene anali ndi ndalama kuti apite kumalo okwera ndi ouma. Logan anayamba kutsatsa tawuni yake ngati malo ochirirako, ndipo anaimanga moti Mngelezi azimva ngati ali kwawo. Anaitanitsa mizati ya nyale za mumsewu kuchokera ku London, anadzala mitengo, anakonza bwalo la cricket. Kawirikawiri zimanenedwa kuti nyumba yake inali m'gulu la nyumba zoyamba za anthu wamba m'dzikomo kukhala ndi magetsi ndi chimbudzi chogejemula. Anthu ankamutcha "Laird", mawu a ku Scotland otanthauza mwini malo, ndipo dzinali linamuyenera chifukwa nyumba, madzi, sitolo ndi ntchito zonse m'tawunimo zinali m'manja mwake.

Mkangano wa kontrakiti

Tawuni yaing'onoyi inagwetsapo nduna za boma. Mu 1892 James Sivewright, nduna yoona za njanji m'boma la Cecil Rhodes komanso mnzake wa Logan, anapatsa Logan kontrakiti yogulitsa chakudya m'masiteshoni onse a njanji za boma la Cape kwa zaka zambiri, popanda kulengeza kuti ena apikisane nawo. Nkhaniyi itaululika, nduna zitatu, John X. Merriman, J. W. Sauer ndi James Rose Innes, zinakana kupitiriza kugwira ntchito limodzi ndi Sivewright. Kontrakitiyo inathetsedwa, Logan anatengera boma kukhoti, ndipo mu 1893 Rhodes anatula pansi udindo n'kusankha nduna zatsopano zimene munalibe Sivewright komanso munalibe atatu odandaula aja. Logan sanagwe nayo nkhaniyi. Anapitiriza kulemera ndipo pambuyo pake analowa m'nyumba ya malamulo ya Cape.

Alendo otchuka ndi masewera a cricket

Mlembi Olive Schreiner, amene analemba buku la The Story of an African Farm, anabwera kudzakhala ku Matjiesfontein mu 1890 chifukwa ankadwala mphumu. Ankachita lendi kanyumba kapafupi ndi siteshoni, ndipo zina mwa nkhani zimene zinadzasonkhanitsidwa m'buku la Thoughts on South Africa anazilembera kumeneko. Popeza sitima iliyonse inkaima, andale opita kumpoto ankatha kucheza naye pa nthawi ya chakudya, ndipo Rhodes anali mmodzi wa iwo. Poyamba Schreiner ankamusirira Rhodes, koma anadzakhala mmodzi wa omudzudzula kwambiri. Mu 1897 anatulutsa buku la Trooper Peter Halket of Mashonaland lotsutsa nkhanza zimene kampani ya Rhodes inachita kwa Mashona ndi Mandebele. Lord Randolph Churchill, bambo wake wa Winston Churchill, anaimanso pamalopa mu 1891 pa ulendo wake wopita ku Mashonaland.

Logan ankakonda cricket, ndipo ankadziwanso kuti masewerawa amamutsegulira makomo a anthu apamwamba. Matimu a ku England obwera ku South Africa ankawalandira kuti asewere pabwalo lake la fumbi. Katswiri woponya mpira wa timu ya Surrey ndi ya England, George Lohmann, atadwala chifuwa chachikulu anabwera kudzakhala ku Matjiesfontein mothandizidwa ndi Logan. Lohmann anatulutsa omenya mpira 112 m'masewera 18 okha a pakati pa mayiko, ndipo amawerengedwabe m'gulu la oponya mpira aluso kwambiri m'mbiri ya masewerawa. Mpweya wa ku Karoo unangomuwonjezera zaka zochepa. Anamwalira pa 1 Disembala 1901 ali ndi zaka 36, ndipo manda ake ali kunja kwa tawuniyi. M'chaka chomwecho Logan analipirira ulendo wa timu ya South Africa wopita ku England, nkhondo ili mkati, zomwe ena ku Britain sanakondwere nazo. Chikho cha Logan Cup, chimene matimu akuluakulu a cricket a ku Zimbabwe amalimbirana mpaka lero, chinaperekedwa ndi iyeyu.

Nkhondo ya 1899 mpaka 1902

Pa nkhondo ya pakati pa Britain ndi Mabunu, njanji ya ku Cape ndiyo inkanyamula asilikali, mahatchi ndi zida kupita kumpoto. Matjiesfontein inali ndi madzi komanso malo aakulu athyathyathya, motero asilikali a Britain anamangapo msasa waukulu. Zimanenedwa kuti pa nthawi ina panali asilikali pafupifupi 10,000 ndi mahatchi 20,000, chiwerengero choposa kutalitali anthu amene anakhalapo m'tawuniyi chiyambire. Hotela yatsopano ya Logan inasandutsidwa chipatala cha asilikali, ndipo pansanja yake pankakhala alonda oyang'ana ngati adani akubwera. Mmodzi wa akuluakulu a asilikali amene anakhalako ndi Douglas Haig, yemwe anadzatsogolera asilikali a Britain ku France pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse.

Kumanda a tawuniyi, omwe ali makilomita pafupifupi 10 chakumadzulo m'mbali mwa N1, kuli chipilala chachitali cha Andrew Wauchope, mkulu wa gulu la asilikali a ku Scotland lotchedwa Highland Brigade. Wauchope sanafere kuno. Anaphedwa pa 11 Disembala 1899 pa nkhondo ya ku Magersfontein, pafupi ndi Kimberley, mtunda wa makilomita mazanamazana, ndipo mtembo wake unadzasamutsidwira ku Matjiesfontein kumanda a Logan, munthu wakwawo. Kufanana kwa mayina awiriwa kumasokoneza anthu ambiri, mpaka ena amaganiza kuti nkhondoyo inachitikira pomwepa.

Kulowa pansi

Chimene chinakweza tawuniyi n'chimene chinaigwetsanso. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 sitima za maulendo ataliatali zinayamba kukhala ndi bogi yodyeramo, ndipo apaulendo sankafunikanso kutsika kuti adye. Logan anamwalira mu 1920 ndipo anaikidwa kumanda omwe aja. Banja lake linapitiriza kukhala eni malo, koma alendo olemera anali atapeza kwina kopita, ndipo mankhwala a chifuwa chachikulu atapezeka m'zaka za m'ma 1940 nkhani yochirira ndi mpweya wouma inatha mphamvu. Msewu waukulu wa phula unadutsa chapatali pang'ono, moti magalimoto ankangodutsa osaiona n'komwe tawuniyo. Ngakhale madzi anasiya kukhala chuma. Kuyambira mu 1953 kampani ya njanji ya South Africa inabweretsa injini za mtundu wa Class 25, zimene zinkaziziritsa nthunzi yawo kuti ibwerere kukhala madzi n'kugwiranso ntchito, ndipo zinkatha kuyenda mtunda wautali m'Karoo osamwa. Pambuyo pake njanjiyo inaikidwa magetsi.

Umphawi umenewu ndi umene unasunga nyumba za Matjiesfontein. M'matawuni amene anapitiriza kukula, nyumba za nthawi ya Logan zinagwetsedwa kuti pamangidwe mabanki, mashopu ndi malo omwetsera mafuta. Kuno kunalibe amene anali ndi chifukwa chogwetsera chilichonse, ndipo popeza tawuni yonse inali ya banja limodzi, sinagawidwe m'mapuloti n'kugulitsidwa pang'onopang'ono. Kuuma kwa dera nakonso kunathandiza, chifukwa malata ndi zitsulo sizichita dzimbiri msanga kumene kulibe chinyezi.

Mu 1968 David Rawdon, katswiri woyendetsa mahotela amene anakonzapo hotela ya Lanzerac ku Stellenbosch, anagula tawuni yonse kwa adzukulu a Logan. Anakonza nyumbazo, anasonkhanitsa mipando, mbale ndi ziwiya za nthawi ya Mfumukazi Victoria, ndipo mu 1970 anatsegulanso hotela. Rawdon anamwalira mu 2010, ndipo malowa anawasiya m'manja mwa bungwe loti liziwasamalira.

Nyumba zakale

Nyumba yaikulu kuposa zonse ndi Lord Milner Hotel, yomwe inamangidwa mu 1899 ndi kutchedwa dzina la Alfred Milner, bwanamkubwa wa Cape pa nthawiyo. Ndi yosanjikizana kawiri, yopakidwa zoyera, ndipo pamwamba pake pali nsanja zitatu zokhala ndi mano ngati za linga lankhondo la ku Ulaya, yapakati ndiyo yaitali. Kutsogolo kuli khonde la m'munsi ndi la m'mwamba, onse okongoletsedwa ndi zitsulo zoumbidwa ngati nsalu yoluka. Zitsulo zoterezi zinkapangidwa m'mafakitale a ku Britain, n'kubwera pa sitima ya pamadzi, kenako pa njanji, ndipo mmisiri ankangozilumikiza. N'chifukwa chake nyumba za m'matawuni a njanji a nthawi imeneyo zimafanana ngakhale zili m'mayiko otalikirana. Makondewo sanali okongoletsa chabe, ankatchinga dzuwa kuti lisawombe makoma. M'kati mwa hotelayi muli masitepe aakulu a matabwa ndi chipinda chodyera chomwe chikugwirabe ntchito. Dzina la Milner lili ndi mbiri yowawa m'dzikomo, popeza iye anali mmodzi wa amene anakankhira Britain ku nkhondo ija, yomwe inaphetsa akazi ndi ana a Mabunu komanso anthu akuda zikwizikwi m'misasa yotsekeramo anthu.

Siteshoni ili moyang'anizana ndi hotela, ndipo ndi pamene zonse zinayambira. M'zipinda zake muli nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Marie Rawdon Museum, yomwe David Rawdon anaitcha dzina la mayi ake. Muli zovala, ziwiya za kukhitchini, makamera, mabotolo a mankhwala ndi zinthu zotsala pa nthawi ya nkhondo. Chakumapeto kwa msewu kuli malo ena osungirako magalimoto akale ndi mabogi a sitima.

Pafupi ndi hotela pali bala yotchedwa Laird's Arms. Potsata msewu womwewo pali positi ofesi yakale, banki yakale, khoti ndi kachipinda kake kotsekeramo olakwa, sitolo ya Logan yomwe masiku ano ndi malo omwera khofi, kanyumba ka Olive Schreiner, ndi Tweedside Lodge kumene Logan ndi banja lake ankakhala. Pali tchalitchi chopakidwa utoto wapinki komanso kachalitchi kakang'ono kwambiri ka apaulendo. Zambiri mwa nyumbazi ndi zapansi, zofoleredwa ndi malata, zokhala ndi khonde loyang'ana kumsewu. Zambiri zinamangidwa mbali imodzi moti munthu wotsika sitima amaziona nthawi imodzi, ngati katundu woyalidwa pamsika. Mizati ya nyale ya ku London ija ikadalipo. Alendo amawakweza basi yofiira yosanjikizana ya ku London n'kuwazunguliritsa tawuni yonse, ndipo ulendowo umatenga mphindi pafupifupi 10.

Tsidya la njanji

Mbiri ya Matjiesfontein imene alendo amauzidwa ndi ya Logan ndi alendo ake achizungu. Komatu anthu amene anakumba zitsime, kuumba njerwa, kuchapa zofunda za m'hotela, kuthira malasha m'injini ndi kusamala mahatchi a asilikali anali Makaladi ndi anthu akuda, ndipo mayina awo sali pa zipilala. Anthu ambiri a m'tawuniyi lero amakhala tsidya lina la njanji, kutali ndi msewu wa nyumba zakale uja. Kugawa malo kotereku, azungu mbali iyi ya njanji ndipo antchito mbali inayo, kunali kofala m'matawuni a njanji a kum'mwera kwa Africa ngakhale malamulo a tsankho a apartheid asanakhazikitsidwe mu 1948. Lamulo loteteza malo a mbiri linateteza makoma, malata ndi makonde, koma silinapatse anthuwa ntchito zina kupatula za kuhotela, za pamafamu a nkhosa ndi za panjanji, zomwe zakhala zikuchepa.

Masiku ano

Chuma cha tawuniyi chimadalira alendo. Sitima zapamwamba za Rovos Rail zakhala zikuima pasiteshoniyi kuti okwera atsike n'kuyenda mumsewu wakale uja kwa kanthawi, pafupifupi mmene apaulendo a nthawi ya Logan ankachitira, kungoti tsopano chakudya amadyera m'sitima momwemo. Alendo ambiri amabwera pa galimoto kuchokera ku Cape Town kumapeto kwa sabata. Mabasi a pakati pa Johannesburg ndi Cape Town, amene amanyamulanso Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe ogwira ntchito ku Cape, amadutsa pa N1 pafupi ndi mphambano yolowera m'tawuniyi.

Kuuma ndi kutalikira kwa malowa kwakopanso ntchito ya mtundu wina. Kumene kulibe mitambo yambiri ndiponso kulibe mafunde ambiri a wailesi ndi mafoni n'koyenera kuikako zipangizo zolumikizirana ndi zombo za mumlengalenga. Mu Novembala 2022 bungwe la South Africa loona za mumlengalenga la SANSA ndi bungwe la NASA la ku America anachita mwambo woyambitsa ntchito yomanga siteshoni yotere kunja kwa Matjiesfontein, yoti izidzathandiza pa maulendo opita kumwezi a pulogalamu ya Artemis.